Za Ana a Chisilamu Ophunzira Nchito ya m'Hotela, ndi Mwambo Wao wa Madzi ndi Chakudya

Akristu anzanga, atate ndi amai a m'mabanja, mwezi uno ndifuna kukamba nanu za nchito imene makolo athu sadaidziwe, koma ana athu ambiri aithamangira masiku ano, ndiyo nchito ya m'nyumba za alendo zolipira, zimene tizitcha mahotela. Kale mwana akatsiriza sukulu tinkayembekeza kuti adzakhala mphunzitsi, kapena kalaliki wa ku boma, kapena namwino. Tsopano ziripo sukulu zophunzitsa kuphika, kuyala pa kama, kupereka chakudya pa tebulo ndi kulandira alendo pa khomo. Ku Blantyre kuli Malawi Institute of Tourism, ku Mzuzu University nakonso aphunzitsa za alendo ndi mahotela, ndipo zina zazing'ono ziri m'matauni ambiri. Ife a m'mbali mwa nyanja nchito imeneyi tiiona ndi maso athu, pakuti kuchokera pa boma la Mangochi kukafika ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear mahotela andanda pa mchenga pamene kale ankayanikapo usipa.

M'sukulu zimenezo ana athu akhala pa benchi limodzi ndi ana a Asilamu, agona nyumba imodzi, naphika pa moto umodzi. Pa kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 ali onse m'Malawi, pafupifupi 14 ndi Asilamu. Koma kuno kwathu ndiwo ochuluka, ife ndife owerengeka. Ansembe oyamba adafika kwa Mponda mu 1889, nachokanso mu 1891, ndipo kuyambira masiku amenewo ife ndi iwo takhala moyang'anana, nthawi zina mokaikirana. Koma mu 1965 Msonkhano Waukulu wa Maepiskopi wa ku Vatican udaphunzitsa kuti Eklezia ayang'ana Asilamu ndi ulemu, popeza apembedza Mulungu mmodzi, Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi, ndipo alemekeza pemphero, kusala kudya ndi kupatsa osauka. Chifukwa chake musadabwe kuona mphunzitsi wa katekisimu alikulemba za mwambo wao m'masamba ano.

Poyamba ndikuuzeni za hotela, inu amene simunalowemo. Mai wa pa mudzi atunga ndowa ya malita 20 pa mjigo, naisenza pamutu, ndipo ndowa zowerengeka zikwanira banja lonse tsiku lathunthu, kumwa, kuphika, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana. M'hotela mulibe kusenza. Madzi abwera okha m'mipope, ndipo munthu sawamvera chisoni madzi amene sadamtyole khosi. Mlendo mmodzi akadzaza bafa lija lalikulu logonamo watha ndowa zisanu kapena zoposa, ndipo akatuluka azula chotsekera, madzi onse napita. Chimbudzi chimeza madzi akumwa nthawi iri yonse munthu akalowamo. Nsalu za pa kama ndi matawulo zichapidwa ngakhale zagwira usiku umodzi wokha. Kapinga athiriridwa m'Okutobala, pamene mbuzi za m'mudzi wa kuseri kwa mpanda zirikudya makungwa a mitengo; ndipo pali dziwe losambiramo lokumbidwa pafupi penipeni ndi nyanja, chinthu chimene agogo athu akadachiona akadagwira pakamwa. Sindinena izi monyoza, iai. Mahotela alemba ana athu nchito, agula matimati, mazira ndi nsomba zathu, ndipo mabanja ambiri afolera nyumba ndi malata chifukwa cha iwo. Ndingofuna mudziwe nyumba imene mwana wanu alowamo.

Mnansi wanga wa kuseri kwa tchalitchi ndi Msilamu, msodzi wa nchito yake, ndipo mwana wake wamwamuna ali m'chaka chachiwiri pa sukulu ina ya nchito imeneyi. Atatha miyezi itatu ya kuyeserera nchito pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, adabwera kudzandilonjera, monga achitira chiyambire ubwana wake, ndipo ndidamfunsa chimene chidamlemera koposa. Ambiri aganiza kuti bvuto la Msilamu m'hotela ndi mowa ndi nyama ya nkhumba. Zimenezo ziripodi, koma iye adati amasinthana ndi anzake Achikristu, iye natenga nchito yao ina, ndipo nkhani itha. Tsono adati, “Bambo aphunzitsi, chimene chimandisowetsa mtendere ndi mpope wa m'khichini. Ophika amautsegula m'mawa kuti nyama yozizira isungunuke, nausiya ulikuthira mpaka dzuwa pamutu. Ine ndikamva phokoso lake ndimamva mau a agogo.”

Agogo akewo ndi a mwalimu a pa madrasa a m'mudzi mwathu, nkhalamba yowonda imene iyenda ndi kaketulo m'manja. Inu nonse mudaona Asilamu alikusamba pa khomo la mzikiti asanalowe kukaswali: asamba m'manja, atsuka m'kamwa ndi m'mphuno, asamba kumaso, mikono kulekeza m'zigongono, apaka madzi kumutu ndi m'makutu, natsiriza ndi mapazi. Kusamba kumeneku akutcha wudhu, ndipo munthu wosunga mapemphero asanu a tsiku akuchita kawirikawiri. Chimene ambiri a ife sitidziwa ndi chakuti kusambako kuli ndi muyeso. M'mabuku ao a Hadith, osimba zochita ndi zonena za Muhammad, amene iwo amutcha Mtumiki, mudalembedwa kuti iye ankatsiriza kusamba konseko ndi muyeso wotchedwa mudd, ndiwo madzi odzaza manja awiri a munthu wamkulu, osakwana lita imodzi; ndipo posamba thupi lonse ankatha miyeso yotere inai kapena isanu. Chiwalo chiri chonse achisambitsa katatu, ndipo kupitirira apo aphunzitsi ao akuletsa.

Asimbanso kuti tsiku lina Muhammad adapeza wophunzira wake, dzina lake Sa'd, alikutaya madzi ambiri posamba, namdzudzula. Sa'd adadabwa, nafunsa ngati munthu angalakwe ndi madzi pamene akonzekera pemphero. Ndipo adayankhidwa kuti angalakwe ndithu, ngakhale atakhala m'mbali mwa mtsinje woyenda. Nkhani imeneyi yandigwira mtima masabata ambiri, chifukwa ife tikhala m'mbali mwa nyanja imene maso salekeza. Munthu wa ku chipululu akasunga madzi tinena kuti ludzu lamphunzitsa. Koma kuletsa munthu kutaya madzi pamene madzi ali mbwee ndi chiphunzitso china, pakuti chitanthauza kuti madziwo ali ndi Mwini wake, ndipo kuchuluka kwao sikuwasandutsa ako. Mwana amene wakula alikuyezeredwa madzi m'kaketulo kasanu pa tsiku, kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mwambowo wamlowa m'manja usanamlowe m'mutu. Akafika m'khichini la hotela, dzanja lake lipita lokha kukatseka mpope.

Ndidapita kwa a mwalimu aja madzulo ena, tidakhala pa mkeka, ndipo adandimasulira mau anai amene aphunzitsa ana. Loyamba ndi khalifa, ndiye munthu woikidwa kuyang'anira za mwini wake, monga kapitao wa pa munda. Ati Korani, m'chigawo chachiwiri, imutcha munthu ndi dzina limeneli. Lina ndi amana, chosungitsa, monga mbuzi imene mbale wako akusiyira popita ku Johannesburg, imene udzaiwerengera pamodzi ndi ana ake iye akabwera. Lina ndi mizani, sikelo, pakuti akhulupirira kuti Mulungu adalenga zonse pa muyeso wolingana, naletsa munthu kupendeketsa sikeloyo. Koma mau amene nkhalambayo idakhalitsapo ndi israfu, kumwaza, kupyola muyeso. Adati Korani ilola munthu kudya ndi kumwa koma iletsa kumwaza, ndipo pena ifanizira omwaza chuma ndi abale a Satana. Adati nyama ndi mbalame nazo ndi mitundu monga ife. Kuti wobzala mtengo alandira mphotho ya sadaka pa chipatso chiri chonse chimene munthu, mbalame kapena nyama idzadya. Ndi kuti Abu Bakr, woyamba kulowa m'malo mwa Muhammad, potumiza ankhondo adawaletsa kudula mitengo ya zipatso. Adasimbanso za Uthman, amene adagula chitsime cha Ruma ku Medina kwa munthu wogulitsa madzi, nachipereka kuti onse atunge ulere. Ndi za malo otchedwa hima, opatulidwa kuti msipu ndi mitengo zisaonongeke. Apo ndidakumbuka nkhalango za kumanda kwathu, kumene nkhwangwa siloledwa, ndipo m'midzi yambiri ndiko kokha kwatsala mitengo yaikulu.

Tsono tibwere ku chakudya, pakuti apa ndipo pagona nkhani. Mahotela a ku nyanja adalira misonkhano ya anthu a m'maofesi, ndipo pa misonkhano yotere chakudya achiyala pa matebulo atali kuti yense adzigawire yekha. Mnyamata uja adati mudzaona munthu mmodzi aunjika mpunga, nsima, mbatata yokazinga, nkhuku, chambo ndi nyama ya ng'ombe pa mbale imodzi, nadyako pang'ono, nasiya phiri lonse, napita kukatenga keke. Zotsala pa mbale zipita ku nkhuti. Zotsala m'mapoto nazo, zimene munthu sadakhudze, tsiku lina mkulu wa khichini adamlamula kuti akataye. Ndipo kunja kwa mpanda kudali ana a m'mudzi, amene iye awadziwa maina ao. Adati, “Bambo, ndidanyamula chidebe chija manja akunjenjemera. Kwathu njere ya mpunga ikagwa pa mkeka agogo amatola.”

Ndidamfunsa ngati adafunsa chifukwa chake. Adati adafunsa mwaulemu, ndipo mkuluyo adamuyankha zinthu ziwiri. Chakudya chokhalitsa pa kutentha kwa kuno chiwola msanga, makamaka mpunga ndi nsomba, ndipo mwana akatsegula m'mimba mlandu udzagwera hotela. Chachiwiri, ophika akaloledwa kutenga zotsala adzayamba kuphika zambiri dala. Ndiyenera kunena zoona, mkuluyo sadaname. Mau ake ali ndi nzeru ya munthu amene wakhalitsa pa nchito. Koma nzeru imeneyo ifika mochedwa, pamene chakudya chaphikidwa kale. Mlandu udayamba m'mawa, poyeza mpunga wa anthu makumi asanu ndi atatu pamene obwera ndi makumi asanu. Ndipo apa mwana wa sukulu angathe kuthandiza, pakuti m'sukulu zao aphunzira kuwerenga alendo, kuyeza chakudya cha munthu mmodzi, ndi kuphika pang'onopang'ono m'malo mokhuthula zonse pa tebulo nthawi imodzi. Anthu ophunzira a ku Norway adalemba mu 2013 za mayeso amene adachita m'mahotela: atangochepetsa kukula kwa mbale zodyera, chakudya chotayidwa chidatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo alendo sadadandaule. Mnyamatayo zimenezi adaziphunzira m'kalasi monga njira yopulumutsa ndalama za mwini hotela. Kwa agogo ake adaziphunzira monga njira yopewa tchimo. Ine ndiona kuti chifukwa chachiwirichi ndicho chidzagwira nchito usiku, pamene manijala wapita kukagona.

Musayese kuti nkhaniyi njaing'ono. Bungwe la United Nations loyang'anira zachilengedwe lidawerenga kuti m'chaka cha 2022 anthu a pa dziko lonse adataya chakudya choposa matani 1,000,000,000, ndipo mwa magawo 100 a chakudya chimenecho, 28 adatayidwa m'mahotela, m'malesitilanti ndi malo ena odyera, pamene anthu 783,000,000 ankagona ndi njala. Koma pa magawo omwewo, 60 adatayidwa m'nyumba za anthu. Amai a bungwe amene mumaphika pa maukwati ndi pa sadaka za maliro, mau awa akufikaninso.

Wina adzati, kodi kuyeza chakudya cha mlendo si umbombo? Funso limeneli nlabwino, ndipo ana a Chisilamu alimva monga ife, pakuti kwa iwonso kuchereza mlendo ndi lamulo lalikulu. Aphunzitsidwa kuti mlendo ali ndi masiku atatu a kucherezedwa. Nkhani ya Abrahamu, amene iwo amutcha Ibrahim, wolandira alendo osawadziwa ndi kuwaphera mwana wa ng'ombe, iri m'buku lao monga iri m'lathu. Ife tomwe timati mlendo ndi mame, ndipo nkhuku yomaliza pa khomo imafera iye. Koma taonani kusiyana kwake. Pa mudzi nkhuku ya mlendo sitayika ngakhale phazi: mlendo akasamba m'manja, ana amalize, msuzi udyedwe m'mawa ndi mkute, mafupa apite kwa galu. Kupatsa kwa makolo athu kudalibe dzala. Kuunjika kwa m'hotela nthawi zambiri sikuchokera m'chikondi cha pa mlendo, kuchokera m'mantha akuti tebulo likaoneka lopanda phiri mlendo sadzabweranso ndi ndalama zake. A mwalimu adandiuza kuti iwo aphunzitsa kugawa mimba patatu, gawo la chakudya, gawo la madzi ndi gawo la mpweya. Ndidaseka, ndi kuwauza kuti akalalike zimenezo pa msonkhano wa ku hotela, aone ngati adzaitanidwanso.

Chiphunzitso chimenechi si cha m'mudzi mwathu mokha. Pa kachisumbu ka Misali, pafupi ndi Pemba m'dziko la Tanzania, asodzi ankaphulitsa mabomba m'madzi kuti nsomba ziyandame, ndipo malamulo a boma sadawaletse. Cha m'ma 2000, bungwe la Asilamu la ku Birmingham lotsogozedwa ndi Fazlun Khalid lidagwirizana ndi mashehe ndi aphunzitsi a madrasa a komweko kuphunzitsa za khalifa ndi amana, ndipo asodzi ambiri adaleka mchitidwewo. Ku Indonesia, dziko la Asilamu ochuluka zedi, bwalo la akulu a chipembedzo lidagamula mu 2014 kuti kupha ndi kugulitsa nyama zimene zirikutha nkoletsedwa, ndipo mu 2016 lidagamula chimodzimodzi za kutentha nkhalango. Mu 2015 akulu a Chisilamu a maiko ambiri adasonkhana ku Istanbul nalemba za kusintha kwa nyengo, chaka chomwecho chimene Papa Francis adalemba kalata yake ya Laudato si'. Ndipo mu 2024 ku Nairobi adatulutsa chikalata china chachikulu chotchedwa Al-Mizan, dzina lija la sikelo. Mzikiti waukulu wa Istiqlal ku Jakarta, woyang'anana ndi tchalitchi lalikulu la Akatolika, adaukonza ndi mipope yotulutsa madzi pang'ono, ndipo madzi osambira aja awasefa ndi kuwagwiritsanso nchito. Pa mzikiti umenewo, pa 5 Sepitembala 2024, Papa Francis ndi Imam wamkulu Nasaruddin Umar adasaina chikalata chimodzi chodandaula za nkhanza pakati pa anthu ndi za kuonongeka kwa chilengedwe. Papayo adamwalira m'Epulo 2025, koma dzina limene adasankha likumbutsa Fransisko Woyera wa ku Assisi, amene mu 1219 adaoloka pakati pa ankhondo kukacheza ndi Sultan al-Kamil ku Egypt, nabwerako wamoyo ndi wolemekezedwa.

Sindifuna kuti wina awerenge izi nati mphunzitsi wathu wasokoneza zipembedzo. Ife tikhulupirira Mulungu mmodzi mwa Atatu, ndi Yezu Kristu Mwana wa Mulungu, wofa pa mtanda ndi kuuka kwa akufa. Iwo zimenezi sazibvomera, ndipo ine ndi a mwalimu tidziwa bwino lomwe pamene mkeka wathu ulekeza. Sindinenanso kuti Msilamu ali yense asunga mwambo wake. Majumbo a pulasitiki auluka pa khomo la mzikiti monga aulukira pa khomo la tchalitchi, ngakhale boma lidaletsa opyapyala aja mu 2015. Mnyamata yemweyo adandiuza kuti m'mwezi wa Ramadhani, mwezi wa kusala, mahotela ena aphika futari wochuluka kotero kuti zotayidwa ziposa za masiku ena, ndipo mashehe adandaula nazo. Anzake ena a m'kalasi, ati, akangobvala yunifolomu yoyera aiwala kaketulo ka kwao. Chiphunzitso chabwino ndi mbeu, ndipo tonse tidziwa za mbeu zogwa pa njira ndi pa thanthwe.

M'mphakati wathu muli mai wina wamasiye amene mwana wake wamkazi wapeza malo pa sukulu ya nchito yomweyi, ndipo adzagona chipinda chimodzi ndi mtsikana wa Chisilamu wa m'mudzi woyandikana. Maiyo adadza kwa ine ndi nkhawa ziwiri, ya mbiri ya atsikana a m'mahotela, ndi ya kuti mwana angatengeke ndi chipembedzo cha mnzake. Pa nkhawa yoyamba tidakamba nthawi yaitali, ndipo si ya m'masamba ano. Pa yachiwiri ndidati, “Mai, mtsikana wopemphera kasanu pa tsiku sadzatengera mwana wanu ku mowa. Chimene muyenera kuopa ndi ichi, kuti mnzakeyo akadzamfunsa chimene Akatolika aphunzitsa za madzi ndi chakudya, mwana wanu adzangoti kukamwa yasa.”

Pakuti ife sitiri amphawi pa nkhani imeneyi. Nkhokwe yathu njodzaza, koma ana sitiwatsegulira. Buku loyamba la Malembo Oyera lisimba kuti Mulungu adaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga, mau awiri, ndipo ife tagwiritsa loyamba lokha. Ambuye Yezu atadyetsa anthu zikwi zisanu adalamula ophunzira kutola makombo, nadzaza mitanga khumi ndi iwiri. Iye amene akadatha kuchulukitsa buledi wina m'mawa mwake sadalole chidutswa chitayike. Taonaninso wansembe pa Misa m'mene apukutira mbale ndi chikho atatha kugawa Ukaristia, kuti kanyenyeswa kasatsale. Ku seminale adatiwerengera malamulo a Benedikito Woyera, amene adalamula amonke ake kulandira mlendo ali yense monga Kristu mwini, ndipo m'buku lomwelo adalamula wosunga nkhokwe kusamala miphika ndi zipangizo zonse za nyumba monga ziwiya zopatulika za pa guwa. Ndani adalembera wophika wa m'hotela malamulo oposa amenewa? Katekisimu wa Eklezia aika kusamala zolengedwa pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba, chifukwa woononga nthaka ndi madzi abera ana amene sanabadwe. Ndipo m'kalata ija ya Laudato si' Papa adakumbutsa kuti chakudya chotayidwa chiri ngati chobedwa pa tebulo la wosauka; m'kalata yomweyo adatchula ndi ulemu mphunzitsi wina wa Chisilamu wa kale, Ali al-Khawas. Kuyambira 2015, tsiku la 1 Sepitembala ndi la kupempherera chilengedwe mu Eklezia yense. Ndi miphakati ingati imene idalisunga chaka chathachi?

Tidagwirizana ndi maiyo kuti masabata otsala mwana asanapite azibwera kwa ine Loweruka madzulo, tiwerenge pamodzi malo amenewa, kuti apite ndi kamba wa m'mutu pamodzi ndi wa m'thumba. Atsikana ena awiri adamva, nayamba kubwera naye.

Chatsala chinthu chimodzi, ndicho chambo. Mlendo ali yense wofika ku nyanja afunsa chambo, ndipo hotela yopanda chambo iri ngati ukwati wopanda ng'oma. Koma chambo chachepa. Akulu a ku Malombe akumbuka zaka za m'ma 1980, pamene mabwato ankabwera odzaza, ndipo zaka zochepa pambuyo pake nsombayo idasowa m'nyanja yao chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono. Chambo chiri ndi khalidwe lake: chachikazi chisunga mazira ndi ana m'kamwa mwake mpaka atalimba, kotero kuti wopha mai mmodzi pa nyengo yoswana wapha mazana. Nchifukwa chake chaka ndi chaka boma litseka usodzi wa makoka ena kuyambira pa 1 Novembala. Koma alendo a Khirisimasi sadziwa za kutseka, ndipo usiku asodzi ena afika pa khomo la kuseri kwa khichini ndi dengu lobvundikira, m'mene muli chambo cha mazira ndi kasawala wosakwana chikhatho, wina wogwidwa ndi neti ya udzudzu imene a chipatala adapereka kuti iteteze ana.

Mnyamata uja akatsiriza sukulu afuna nchito ya kusunga sitolo ya khichini, ndiye munthu wolandira ndi kuyeza katundu yense wogulidwa. Adandiuza yekha, maso ali pansi, kuti mmodzi wa obwera ndi dengu usiku ndi malume ake enieni, mlongo wa mai ake, amene adagulitsa injini ya bwato kuti amlipirire fizi ya chaka choyamba. Akakana dengu, adzatchedwa mwana wosayamika, wonyada ndi sukulu, ndipo mkulu wa khichini adzangogula kwa wina. Akalandira, wapendeketsa sikelo ija, iye amene adziwa dzina lake. Adafunsa agogo ake, ndipo nkhalamba idati akane nsombayo, koma pa malipiro ake azipatula gawo la malume m'miyezi iwiri yotseka, kuti kukana kwake kusagone pa mimba ya ana a malumewo. Adafunsanso ine, ndipo ndidamuuza kuti sindikadaonjeza kanthu pa mau a agogo ake, koma kuti ayambe kukamba ndi malume tsopano, masana, pa khonde lao, asadikire usiku wa pa khomo la khichini.

Malipiro a woyamba nchito m'hotela ngochepa, ndipo gawo limene a mwalimu anena lidzamsiya mnyamatayo ndi nsapato imodzimodzi chaka chonse. Iye wawerenga kale ndalamazo pa pepala, nandionetsa. Malume ake ndi m'modzi wa amene amatibwereka bwato pa tsiku la kukatenga Bambo Mfumu ku tsidya, ndipo mnyamatayo wandipempha kuti pa tsiku lokakamba nao ndikakhalepo, pamodzi ndi agogo ake. Tapangana Lachisanu likudzali, akatuluka ku mzikiti.